Kalenzi ka 40mm pa kamera ya rangefinder: ndikasunge kapena ndikabweze?

Funso

Akuluakulu, ndili ndi kamera ya filimu ya Leica M6 yomwe ndakhala ndikujambulira ndi lenzi ya 50mm yokha. Ndimafuna lenzi imodzi yaing'ono yoti izigwira ntchito paliponse, panja, m'nyumba ngakhale usiku. Mnzanga wandibwereka Voigtländer Nokton Classic 40mm f/1.4 kuti ndiyese ndisanagule. M'manja yandikomera zedi. Koma filimu yoyamba itatsukidwa ndaona zitatu: m'zithunzi mukulowa zinthu zomwe sindinazione pojambula, pa f/1.4 (kabowo kolowetsa kuwala katatsegulidwa kwathunthu; nambala ikamakula kabowoko kamachepa) chithunzi chikuoneka ngati pali nkhungu, ndipo nkhope zomwe ndinajambula pafupi pa f/2.8 zagwira makutu m'malo mwa maso. Kodi lenziyi ndi yowonongeka, kapena ndingogula ya 35mm?

Yankho

Musaibweze msanga lenziyo, anzanga. Pa zitatu mwatchulazi palibe chomwe pachokha chikusonyeza kuti yawonongeka. Choyambacho chikuchokera ku kamera yanu, chachiwiri ndi mmene lenziyo anaipangira, ndipo chachitatu ndiye chofunika kuchiyeza bwinobwino, poti chikhoza kukhala chibadwa cha lenzi, vuto la kamera, kapenanso kugwedera kwa thupi lanu lomwe. Filimu imodzi siingagamule mlandu wotere. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe ndi zolowerera m'chithunzi, chifukwa ndi zomwe zimagwetsa ulesi anthu ambiri masiku oyamba.

Kamera ya rangefinder siyang'ana kudzera mu lenzi. Diso lanu limaona dziko pa kazenera kapadera ka pakona paja, ndipo mizere yowala yomwe mumaiona mmenemo ndi imene imakuuzani malire a chithunzi. M6 ili ndi mizere ya malenzi asanu ndi imodzi, yotuluka iwiriiwiri: 28 ndi 90, 35 ndi 135, 50 ndi 75. Ya 40 mulibemo. Mukamangirira lenzi, kachitsulo kena kakumbuyo kwake kamakankha chosankhira mizere m'kamera, tsono lenzi ya 40mm imatulutsa mizere ya 50. Ndiye kuti inu mwakhala mukukonza chithunzi m'malire a 50, pomwe filimu ikulandira a 40. Kusiyana kwake si kwamasewera. Mutaima mamita 3 kuchokera pakhoma, lenzi ya 50mm imatenga pafupifupi mamita 2.2 chopingasa, ya 40mm mamita 2.7, ya 35mm mamita 3.1. Theka la mita lowonjezeralo ndi lokwanira kulowetsa chigongono cha munthu wodutsa, kapena chitseko chomwe munachizemba dala.

Kutsogolo kwa M6, pambali pa lenzi, pali kandodo kakang'ono. Mukakakankhira kunja, mizere ya 35 imatuluka, mukakasiya kamabwerera. Muzikagwiritsa ntchito masiku ano oyesa, ndipo muona chinthu chothandiza. Opanga makamerawa amaika mizere mosamala, kuti zonse zomwe mwaona m'kati mwake zilowe pa filimu ngakhale mutayandikira kwambiri, pomwe lenzi imatuluka kutsogolo n'kumatenga malo ochepa. Chifukwa cha chimenechi, pa zinthu zakutali mizere imaonetsa zochepa kuposa zomwe lenzi yake ikutenga. Mizere ya 35 ikachepetsa choncho, imakagwera pafupi kwambiri ndi zomwe 40mm imatenga. Mukayandikira mpaka mita imodzi, chithunzi chenicheni chimakhala pakati pa mizere ya 35 ndi ya 50.

Alipo ena amene amapala kachitsulo kakumbuyo kaja ndi tupa kuti lenzi izitulutsa mizere ya 35 nthawi zonse. Zimathekadi, koma chitsulo chikapalidwa sichibwerera, ndipo lenziyi pakali pano ndi ya mwini wake. Ngakhale itakhala yanu, ine ndinganene kuti dikirani kaye. Ndimakonda mizere ya 50 ndi lenzi ya 40 pa chifukwa chimodzi: chilichonse chomwe ndachiika m'kati chimalowa ndithu, n'kutsalanso malo opumira m'mbali. Chithunzi chokhala ndi zowonjezera chimadulika posindikiza, koma phazi lodulidwa silimeranso. Pakapita mafilimu angapo diso limazolowera kuwerengera kampata ka kunja kwa mizere, ndipo ubwino wa kazenera ka rangefinder ndi womwewo, kuti kunja kwa mizere mumakuona.

Mwina mukudabwa kuti nanga bwanji anapanga lenzi yosagwirizana ndi mizere. Nambala ya 40 siinagwe kumwamba. Chithunzi cha filimu ya 35mm ndi cha mamilimita 24 kwa 36, ndipo kuchokera pangodya kukafika pangodya inzake ndi mamilimita 43. Lenzi yoyandikira nambala imeneyi imaonetsa zinthu mosakokomeza, zapafupi sizitupa, zakutali sizipanikizana. N'chifukwa chake makamera ambiri aang'ono okhala ndi lenzi yosachotseka ankabwera ndi 40mm kapena pafupi pamenepo: Canonet QL17 GIII ya 1972 inali ndi 40mm f/1.7, Olympus 35 RC inali ndi 42mm. Mu 1973 Leica, mogwirizana ndi Minolta, inatulutsa kamera yaing'ono ya CL pamodzi ndi lenzi ya Summicron-C 40mm f/2, ndipo kamerayo inali ndi mizere ya 40. Minolta CLE yomwe inatsatira inali nayonso. Lenzi yomwe mwabwerekayi imapangidwa ndi kampani ya Cosina ku Japan, yomwe yakhala ikugwiritsa ntchito dzina la Voigtländer kuyambira 1999, ndipo inatuluka nthawi imodzi ndi kamera ya Bessa R3A, yomwe kazenera kake kali ndi mizere ya 40 ndipo kamaonetsa zinthu pa msinkhu wake weniweni, moti mukhoza kujambula maso onse ali chitsegulire. Kwawo kwa lenziyi ndi kumeneko. Pa M6 imagwira bwino, kungoti mizere yake mulibe.

Mwati m'manja yakukomerani, ndipo mawu amenewa ndikuwalemekeza kuposa madandaulo atatu aja. Pa kamera ya mtundu uwu kuchepa kwa lenzi si nkhani ya thumba lokha. Popeza kazenera kali pambali pa lenzi, lenzi yaitali kapena yonenepa imatchinga ngodya ya m'munsi chakumanja ya zomwe mukuona. Alipo malenzi abwino kwambiri, akuthwa kuposa iyi, omwe amadya mbali yaikulu ya kazenera moti munthu amajambula mongoganizira chomwe chili pangodyapo. Iyi ndi yaifupi, imalemera magalamu pafupifupi 175, kukamwa kwake n'kwa mamilimita 43, ndipo popanda chotchingira dzuwa siisokoneza kwenikweni. Chotchingira chake chili ndi mipata yoboola dala kuti diso lizidutsamo. Kuti lenzi ya f/1.4 ichepe chotere n'chifukwa choti m'kamera mulibe kagalasi kodumpha kaja ka makamera a SLR, omwe diso limaonera kudzera mu lenzi. Kuchokera pomangirira lenzi kukafika pa filimu ndi mamilimita 27.8 okha pa makamera a Leica M monga yanuyi, pomwe pa Nikon F ndi 46.5. Wopanga lenzi safunika kukankhira magalasi kutsogolo kuti apereke njira kwa kagalasi kaja.

Palinso kachogwirira ka chala ka pansi pa mphete ya fokasi. Anthu ochokera ku makamera ena amakanyoza tsiku loyamba, kenako sakhalanso opanda iko. Ikani chala cha mkomba phala chakumanzere m'kachibowo kake, chala chachikulu chigwire thupi la kamera. Ikani fokasi pa mamita 2, mumve pomwe chala chili. Ikaninso pa mita imodzi, kenako pa mamita 5. Bwerezani muli chikhalire, osayang'ana, kenako muyang'ane manambala kuti muone ngati mwalasa. Chala chikadziwa malo atatu amenewa, kamera imafika kudiso fokasi ili kale pafupi, kotsala n'kungokhudza pang'ono kuti zithunzi ziwiri zooneka pakati pa kazenera zikumane, chomwe n'chizindikiro choti fokasi yagwira. Ine ndikamayesa lenzi yatsopano ndimayamba ndi zimenezi ndisanaone chithunzi chilichonse. Mphete ikakhala yolimba malo ena n'kupepuka malo ena, kapena ikugwedera, ndimadziwa kuti sitigwirizana.

Tsopano za nkhungu ija. Lenziyi ili ndi magalasi asanu ndi awiri, onse opindika mwa masiku onse, popanda galasi la aspherical lomwe malenzi amakono odula amaika pofuna kukonza kuwala kwa m'mphepete. Mukatsegula mpaka f/1.4, kuwala kodutsa m'mphepete mwa magalasi kumakumana patsogolo pang'ono poyerekeza ndi kodutsa pakati. Chithunzi chakuthwa chimakhalapo, koma chimakutidwa ndi kuwala kofewa, makamaka pomwe choyera chakumana ndi chakuda, monga kolala yoyera pa jekete lakuda kapena nyali usiku. Ngodya zimadanso pang'ono, ndipo zakumbuyo zikakhala masamba kapena timagetsi zimaoneka zosakhazikika, zokhala ndi timphete. Dzina loti Classic likunena zomwezi, anaipanga dala kuti ijambule ngati malenzi akale. Tsekani kufika pa f/2, nkhungu yambiri imachoka. Pa f/4 ndi f/5.6 palibe angakufunseni kuti munajambulira chiyani. Muonenso zilembo za kutsogolo kwake, poti ilipo ya mitundu iwiri. Ya MC ili ndi zokutira zingapo pa magalasi, ya SC ili ndi chimodzi, ndipo ya SC imafewa kwambiri ikayang'anizana ndi kuwala, zomwe ena ojambula zakuda ndi zoyera amazifuna chifukwa mithunzi siida bii.

Kaya mawonekedwe amenewa akusangalatsani kapena ayi, zimenezo ndi za diso lanu. Ine pa nkhope ya munthu wokhala pafupi ndi zenera madzulo ndimawakonda kwambiri. Pa nyumba, zikwangwani kapena gulu la anthu ndimatseka.

Chachitatu chija, cha makutu, n'chomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Tambasulani dzanja, imikani chala, muziphethira diso ili kenako ilo. Chala chimadumpha, ndipo chikayandikira chimadumpha kwambiri. Kamera yanu imayeza mtunda mwa njira yomweyo, ndi timazenera tiwiri totalikirana mamilimita pafupifupi 69. Kumbuyo kwa lenzi kuli mphete ya chitsulo yomwe imakankha kagudumu kakang'ono m'kamera mukamatembenuza fokasi, ndipo kagudumuko kamasuntha chithunzi chachiwiri chija. Zonsezi ndi zitsulo zokhudzana basi. Kamera sidziwa kuti mwatsegula lenzi pa f/1.4 kapena pa f/2.8, imangodziwa pomwe mphete yafika. Komatu lenzi yokhala ndi chibadwa tafotokoza chija imasuntha fokasi ikamatsekedwa. Mukatseka, mumachotsa kuwala kwa m'mphepete, kotsalako n'kwa pakati, ndipo malo akuthwa kwambiri amasunthira kumbuyo, kutali ndi kamera. Pa f/2 mpaka f/4, muli pafupi ndi munthu, kusunthako kumatha kuposa kuya kwa malo ooneka bwino. Kuyambira f/5.6 kuyako kumakula n'kumeza vutolo. Maso kusanduka makutu pa f/2.8 n'chizindikiro chodziwika cha zimenezi, ndipo malenzi ambiri otseguka kwambiri a kapangidwe kakale amatero.

Koma musathamangire kunena kuti ndi chimenechi musanayeze, chifukwa malo ooneka bwino ndi ochepa kwambiri. Pa 40mm f/1.4, munthu ali pa mita imodzi, malo ooneka bwino ndi masentimita pafupifupi 5 onse pamodzi, kutsogolo ndi kumbuyo. Pa mamita 0.7 amatsika kufika pa 2 kapena 3. Kupuma kokha kumakusunthani chotere. Chinanso, mbali yoyezera fokasi ili pakati penipeni pa kazenera, ndiye mukayeza pa diso kenako n'kupotoza kamera kuti munthuyo akhale pambali, fokasi imagweranso kumbuyo kwake. Zinthu zitatu zikhoza kukankhira mbali imodzi.

Kayezedwe kake n'kosavuta, ndipo kangodya mafelemu ochepa. Yalani tepi yoyezera patebulo, yoloza kutali ndi kamera. Imikani kabokosi ka machesi pambali pa nambala imodzi, tinene 50. Kamera ikhale pa tripod, kapena pa mabuku osanjikiza, mita imodzi kuchokera pa kabokosi, itakwera pang'ono kuti manambala a tepi aziwerengeka. Yezani fokasi pa zilembo za kabokosiko kamodzi kokha, osaikhudzanso. Jambulani pa f/1.4, f/2, f/2.8, f/4 ndi f/5.6, mukusintha liwiro la shutter (kansalu kotsegukira kuwala kuti kufike pa filimu) kuti kuwala kufanane, ndipo muzilemba papepala. Mukatha mangirirani 50mm yanu ija muchite chimodzimodzi. Filimu ikatsukidwa, onani nambala yomwe yathwa pa chilichonse.

Ngati pa f/1.4 kabokosi kagwira, pa f/2.8 kuthwa kwasunthira masentimita angapo kumbuyo, pa f/5.6 zonse zili bwino, lenzi ilibe mlandu, ndi chibadwa chake. Mankhwala ake ndi chizolowezi: pa f/2 mpaka f/4, muli pafupi, mukayeza pa diso bwererani m'mbuyo pang'ono ndi mutu, kapena yezani pa nsonga ya mphuno. Ngati malenzi onse awiri aphonya mbali imodzi pa kutsegula kulikonse, ndi rangefinder ya kamera yomwe yasuntha, zomwe zimachitika kamera ikagwa kapena kugunda, ndipo wokonza makamera amaibwezera m'malo mwake. Ngati 50mm yalasa koma 40mm yaphonya paliponse, ngakhale pa f/1.4, ndiye kuti lenzi imeneyi ikufuna kukonzedwa, ndipo muyenera kumuuza mnzanuyo musanagwirizane zogula. Pali kuyeza kwina kosafuna filimu. Usiku tembenuzani fokasi mpaka kumapeto, pa chizindikiro cha kutali kopanda malire, muloze mwezi. Zithunzi ziwiri ziyenera kukumana ndendende, osatsalira, osapitirira.

Pa zoti izigwira ntchito paliponse, ndikuuzeni malire ake kuti musakhumudwe mtsogolo. Siyandikira kuposa mamita 0.7, ndipo pamenepo ndi pomwenso rangefinder ya M6 imalekezera, choncho duwa limodzi kapena mphete ya chala iwalani. Nkhope yodzaza chithunzi chonse siikoma pa 40mm, mphuno imakula. Yambirani pachifuwa kukwera, kapena munthu pamodzi ndi malo omwe akugwirira ntchito, apo ndiye pake. Masana, shutter ya M6 imalekezera pa 1/1000 ya sekondi. Ndi filimu ya ISO 400 (nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala) padzuwa lowala muli pa f/11, ndiye f/1.4 mudzangoiona madzulo, pokhapokha mutaika galasi lochepetsa kuwala la ND. Izi sizindidetsa nkhawa, chifukwa masana lenziyi imakoma itatsekedwa. Ikani f/8, fokasi pa mamita 3, chilichonse kuyambira mamita 2 mpaka 5 chigwira osayezanso. Pa mamita pafupifupi 7, mumagwira kuyambira 3 ndi theka mpaka kumapiri. Usiku ndiye imabweza ngongole. Popanda kagalasi kodumpha, munthu wa manja okhazikika amajambula pa 1/30 bwinobwino, ndipo 1/30 pa f/1.4 ndi filimu ya 400 zimakwanira chipinda chowala ndi babu limodzi labwino.

Chenjezo limodzi lomwe eni makamerawa ena amalimva mochedwa: nsalu ya shutter ili kumbuyo kwenikweni kwa lenzi, popanda chotchinga. Kamera ikagona chagada padzuwa, lenzi ili yotsegula, dzuwa likhoza kuboola nsaluyo. Muzitseka lenzi kapena kuivundikira. Mukavundikira muzikumbukira kuvundukula, poti kazenera kamaonetsa bwinobwino ngakhale chivundikiro chili pomwepo.

Nanga 35mm? Yankho lagona pa 50mm yanu. Ngati mupitiriza kuyenda nayo, 40 ili pafupi nayo kwambiri moti imodzi idzangokhala m'kabati, ndipo 35 ndi 50 zimathandizana bwino, mizere yake yonse ili kale m'kamera. Pamenepo onani Color-Skopar 35mm f/2.5, yomwe ndi yopepuka kuposa iyi, yakuthwa kuyambira poyamba, yopanda nkhani ya nkhungu. Mtengo wake mumalipira usiku, chifukwa f/1.4 imalowetsa kuwala kuwirikiza katatu kuposa f/2.5. Koma inu mwati mukufuna lenzi imodzi, ndipo pa imodzi ine ndimaima ndi 40. Munthu wozolowera 50 akalumphira pa 35 amayamba kujambula ali kutali, anthu n'kumachepa m'chithunzi, kumwamba ndi pansi n'kumachuluka, mpaka ataphunzira kuyandikira. Pa 40 mumaima pomwe munkaima kale, kungoti tebulo lonse lalowa, ndipo m'chipinda chopanikiza simugunda khoma ndi msana. Ngati mumavala magalasi a maso pali chifukwa china: pa kazenera ka M6 yambiri, mizere ya 35 imakhala chakumphepete moti diso limayendayenda kuti liione yonse, pomwe ya 50 imaoneka mosavuta.

Ngati 40 yakukomerani koma mawonekedwe a f/1.4 sanakugwireni mtima, Summicron-C ija ndi m'bale wake M-Rokkor 40mm f/2 zimapezeka zogwiritsidwapo ntchito kale, ndipo ndi zazing'ono kuposa iyi. Zimalekezera pa mamita 0.8. Summicron-C ili ndi mazinga a kukamwa osiyana ndi a magalasi wamba a 39mm, choncho musakakamize galasi likakana kulowa. Malenzi amenewa ndi akale, a zaka makumi anayi kapena asanu, ndiye musanagule walitsani tochi kuchokera kumbuyo mukuyang'ana kutsogolo, muone ngati muli chifunga, timizere ta nkhungu yomera pa magalasi, kapena mafuta pa timasamba totseka kuwala. Kuyeza kwa tepi ndi kabokosi ka machesi kuja muchitenso pa iliyonse ya izi, pa kamera yanu yomweyo, chifukwa lenzi yolasa pa kamera ya wogulitsa ikhoza kuphonya pa yanu.